Achimwene a Zelma a M'bokosi la Galasi

Amene anamudziwa Zelma Hartsock atakalamba, akugulitsa mbuliwuli pachipata cha chionetsero, ankangomuona ngati mayi wolusa wokonda kukalipira ana oponda zingwe za matenti. Ife amene tinayenda naye kale timadziwa kuti mayi ameneyu anali ndi luso limene sindinalionenso mwa munthu wina: ankalira akafuna. Sindikunena zofinya maso ngati mwana wokana kusamba ayi. Misozi yeniyeni ili mbwembwembwe, mphuno kufiira, mapewa kugwedezeka. Ukamuuza kuti basi zakwana, ankapukuta kumaso n'kufunsa ngati khofi watsala.

Anabadwira ku Arkansas, pa munda wa thonje, mtsikana yekha pakati pa anyamata okhaokha. Luso lija analiphunzira pomwepo, poti m'nyumba yotero wopanda zibakera amadyera misozi. Alongo akewo atakula anabalalika, wina kumigodi, wina ku zitsime za mafuta ku Texas, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anacheuka kufunsa za iye. Zimenezi zinkamuwawa Zelma, ngakhale sankazinena.

Atangotha msinkhu, m'tauni mwawo munabwera chionetsero choyendayenda, cha akavalo amitengo ozungulira, chigudumu chokwezera anthu m'mwamba ndi mzere wa matenti. Pakhomo la tenti yakumapeto panaima mnyamata wowonda, wakhosi lalitali, akukuwa ngati nyumba yapsa. Ameneyo anali Elwood Hartsock. M'tenti mwake munali mwana wa ng'ombe wa mitu iwiri m'chibotolo cha mankhwala, mano amene ankati anazulidwa m'kamwa mwa chigawenga cha panyanja, ndi chingwe chimene ankati ananyongera wakupha wina wotchuka. Chingwecho ankachidula tizidutswa n'kumagulitsa kwa ofuna mwayi. Chinali chingwe chodalitsika, chifukwa zaka zonse zimene ndinamudziwa Elwood sichinathe, makamaka tikangodutsa pa sitolo ya zitsulo.

Zelma analowa, anaona zonse, natuluka n'kumuuza mwini tenti pamaso pa anthu kuti mano aja ndi a nkhumba, iye wakula akuthandiza kupha nkhumba. Elwood m'malo mokwiya anavula chipewa n'kumufunsa dzina. Chionetsero chitanyamuka anathawitsana. Paja wakwata kwa mphezi saopa kung'anima: sabata isanathe Zelma anali atakwinya manja a diresi, akupukuta chibotolo cha ng'ombe ija uku akuimba nyimbo za kutchalitchi.

Vuto linali lakuti ng'ombe ya mitu iwiri inali paliponse. Chionetsero chilichonse chinali nayo, ena mpaka ya mitu itatu yosokerera ndi ulusi. Alimi ankasuzumira, kuyasamula, n'kupita kwa akavalo. Chimene chinkaimika anthu pamzere mpaka kuiwala chakudya chinali mtembo wouma, wa munthu weniweni, ndipo umenewo sunkapezeka m'sitolo.

Masiku amenewo munthu akafera m'tauni yachilendo popanda womudziwa, wokonza maliro ankamuthira mankhwala oumitsa, ochuluka ndithu, kuti adikire abale. Abale akapanda kubwera, mtembo unkauma gwa ngati chikumba, ndipo mwini nyumba ya maliro ankauveka suti n'kuuimika pakona kuti odutsa aone luso la manja ake. Kugulitsa sankagulitsa, ankaopa manyazi ndi apolisi. Koma mbale akatulukira, panalibe kukana. Ndiye chionetsero chofuna mtembo chinkayamba chapeza mbale, ndipo Elwood anali atakwatira mbale wabwino kuposa onse.

Anamva za mtembo wina m'katauni ka ku Kansas. Anali mnyamata amene anapezeka atafa m'mbali mwa njanji nyengo yokolola tirigu, m'matumba mulibe kanthu, ndipo anali ataima pakona kwa a Gossett okonza maliro kwa zaka zingapo. Anakwera sitima awiriwo, Zelma atavala zakuda zobwereka.

"Ukalowa usathamangire kulira," anatero Elwood pa siteshoni, akumuwongolera chipewa. "Uyambe wayang'anitsitsa kaye, kenako ugwire pamtima, kenako..."

"Bambo inu, ntchito yanu ndi yokuwa pakhomo. Za misozi ndisiyireni."

Anamupeza ataima pakati pa mabokosi, ana a m'tauni atamulumitsa kaliwo. Anali munthu wochepa thupi, tsitsi lofiirira lidakali pamutu, khungu litada ngati chikwama chakale, pakamwa patatseguka pang'ono ngati akufuna kufunsa njira. Zelma anaima phee. Kenako anangoti, "Achimwene! Achimwene ine! Ndinu awa mwaima pakona ngati tsache?" n'kudzigwetsa pansi. Ngakhale Elwood, amene ankadziwa zonse, anamva tsitsi kuima.

A Gossett anali munthu wonenepa, wamtima wofewa. Anathamanga ndi mpando ndi madzi, nafunsa dzina la malemu. Apa m'pamene awiri aja anazindikira kuti dzina sanapangane. Zelma anatchula limene linali pafupi, Lemuel, dzina la bulu wa bambo ake. A Gossett nawonso anayamba kufwenthera, anapepesa za kaliwo uja, napereka bokosi laulere ndi ngolo yokafikitsa ku siteshoni.

Sitima itanyamuka, Elwood anagogoda pabokosi nati, "Alamu, takulandirani m'banja."

Kuyambira tsiku limenelo panalibe wa chionetsero amene ankati mtembo. Tonse tinkati achimwene a Zelma, ndipo tikamadutsa pa tenti m'mawa tinkagwira chipewa. Anawapangira bokosi la galasi loimirira, najambulitsa chinsalu chachikulu chopachika panja. Chaka choyamba a Lemuel anali chigawenga chobera sitima, chophedwa ndi gulu la apolisi. Elwood anafuna kuboola pachifuwa kuti paoneke polowa chipolopolo, koma Zelma anamulanda chobowolera.

"Jambulani ndi utoto. Munthu wa bata chonchi mukumuboolera chiyani?"

"Sakumva kanthu, iwe Zelma."

"Ine ndikumva."

Elwood pakhomo anali mnzake wa bingu. "Bwerani, abale, bwerani! Amayi oyembekezera atsale panja, a mtima wofooka asanzike kaye kunyumba! Masenti khumi okha muone munthu amene imfa inamutenga koma nthaka inamukana!" Anthu ankalowa akukankhana, n'kutuluka ali zii, ena n'kubwereranso ndi alamu awo. Mkati Zelma ankaima pambali pa bokosi ndi kamtengo, kukwapula zala za aliyense wogwira galasi.

Mbiri ya a Lemuel inkasintha monga mwa nyengo. Kumene anthu ankadana ndi eni mabanki, a Lemuel anali ngwazi yobera olemera. Kumene kunali matchalitchi ambiri, anali chitsanzo cha mapeto a mowa, ndipo abusa ankatumiza okha anyamata awo kudzaona. Chaka chimene nyuzipepala zinadzaza ndi nkhani za manda a mafumu a ku Iguputo, Elwood anang'amba nsalu zofunda, kuziwiritsa mu khofi kuti zioneke zakale, nati tsopano alamu akwezedwa pa udindo. Zelma anawakulunga ndithu, koma nkhope anaisiya poyera, tsitsi atalipesa bwino, mzere pambali. Mlimi wina wa ku Missouri anayang'ana nthawi yaitali nafunsa kuti mfumu ya ku Iguputo ikhala bwanji ndi tsitsi lofiira. Elwood anayankha m'maso muli gwa kuti mayi ake anali a ku Ireland. Mlimiyo anagwedeza mutu nati n'zomveka.

Ntchito yosamala a Lemuel sinali yamasewera. Mtembo wouma uli ndi adani ambiri: chinyontho, njenjete, makoswe ndi anyamata oledzera. M'mawa uliwonse Zelma ankawapukuta fumbi ndi kaburashi kofewa, kuwapaka phula m'manja ndi m'masaya kuti khungu lisang'aluke, n'kuwaza mankhwala a njenjete pansi pa bokosi. Malaya ankawasokera yekha chaka ndi chaka. Tsiku limene khoswe anadya nsonga ya khutu lawo, Zelma sanadye, ndipo Elwood anagona m'lole.

M'nyengo yozizira chionetsero chinkapuma. Zelma ndi Elwood ankachita lendi kanyumba kum'mwera kwa Texas, ndipo bokosi la galasi linkaima pabalaza, pakati pa kabati ndi zenera. Alendo osadziwa ankatayira khofi pamiyendo. Elwood ankadzuka n'kupereka moni: "Mwadzuka bwanji, alamu? Mwalawiratu kuima lero." Ndipo kwa anzake ankati, "Mlamu wabwino ngati uyu kulibe. Sadya, saledzera, salowerera za m'banja. Paja amati chibale n'fupa sichiola? Ife tili ndi umboni pabalaza."

Ana sanakhale nawo. Zelma akamasita kapena kusenda mbatata ankacheza ndi a Lemuel, kuwauza za mitengo ya zinthu, za mabodza a Elwood, za alongo ake aja osowa. Ndinene mosabisa, anawakonda. Bodza limene ananena kamodzi ku Kansas linamera mizu, ndipo analandira kwa munthu wouma chimene sanachilandire kwa alongo ake amoyo: wina wokhala pakhomo, wosachoka.

Tsono chimene unaba nawe angakubere. Eni matenti ena ankawasirira a Lemuel, makamaka mkulu wina wotchedwa Purvis, amene mtembo wake unali wa mapepala ndi guluu, wofewa mvula ikagwa. Njira yobera inali yomwe ija. Tsiku lina ku Oklahoma kunalowa mayi wa zakuda, wamphumi wokongola, nayamba kukuwa kuti mwamuna wanga, mwamuna wanga. Zelma anamusiya alire pang'ono, kenako anamulanda kampango n'kukutumulira pansi chidutswa cha anyezi. Chaka china kunabwera bambo wovala kolala ya ubusa, akuti ndi amalume a malemu. Zelma anamuuza kuti popeza ndi abusa atsogolere pemphero, bamboyo n'kusowa poyambira. Paja afiti amadziwana. Pakati pathu linangokhala lamulo losalemba: wobwera pa bokosi la galasi n'kunena kuti ndi mbale, ameneyo watumidwa, muonetse msana wa njira.

Elwood anamwalira ndi chibayo, mavuto aakulu a zachuma amene anasaukitsa dziko lonse atangoyamba. Ngakhale pa bedi sanasiye nthabwala. Anamugwira Zelma dzanja nati, "Iwe, undilonjeze chinthu chimodzi. Usandiumitse. Pabalaza paja tingapanikizane ndi alamu." Zelma anamuika bwinobwino pansi pa mtengo ku Texas, ndi abusa enieni. Kenako anaphunzira kuyendetsa lole, anaphunzira kukuwa pakhomo, nabwerera mumsewu. Ng'ombe ya mitu iwiri inali itasweka kale, chingwe chodalitsika chinatha limodzi ndi mwini wake. Anatsala ndi a Lemuel basi. Iwo ndiwo anali chakudya chake, iwo ndiwo anali banja lake, ndipo Zelma ankadziwa kuti tsiku limene adzachoke adzatsala yekha padziko.

Zaka za fumbi zija, mvula itakana ku Oklahoma ndi ku Kansas mpaka nkhuku kumakagona masana chifukwa cha mdima, chionetsero chathu chinathawira kumpoto kumene sitinkafikako. Tinakamanga matenti pa chionetsero cha zaulimi m'boma lina la ku Nebraska, kwa alimi amene makolo awo anachokera ku Bohemia, anthu osalankhulalankhula, oyang'ana chinthu nthawi yaitali asanatulutse kakobiri. A Lemuel anali atabwerera ku uchigawenga, atamangidwa lamba wa mfuti yamtengo m'chiuno.

Masana ena kunalowa mayi wina wazaka zapakati, wamanja okhakhala, mpango kumutu. Anaima patsogolo pa galasi, anayang'ana, natuluka. Posakhalitsa analipiranso n'kulowa. Atalowa kachitatu Zelma anasiya kukuwa pakhomo n'kumutsatira, kamtengo kali m'manja. Dzina la mayiyo tinalidziwa pambuyo pake, anali Ludmila Kroupa.

"Mayi, munthu uyu munamutenga kuti?" anafunsa Ludmila ndi mawu otsika.

"Zalembedwa pachinsalu panjapo. Anabera sitima, anapha alonda."

"Ayi. Uyu ndi Alois, mlongo wanga. Anachoka kwathu kukakolola tirigu ku Kansas ine ndili kamtsikana, sanabwererenso. Kupha munthu? Uyu ankaopa ngakhale atsekwe a mayi."

Zelma anamuyang'ana kuyambira kumpango mpaka kunsapato. M'maso mouma. Kampango kopukutira misozi palibe, zakuda sanavale, mawu osanjenjemera. Ntchito yoipa chonchi anali asanaionepo chiyambire.

"Anthuni, tabwerani mudzaone kuno!" anakuwa Zelma, ndipo a matenti oyandikana tinasonkhana pakhomo. "Purvis wasauka! Mpaka kutuma munthu wosadziwa n'kulira komwe! Mayi inu, mnzanu uja anabwera ndi anyezi, inu ngakhale anyezi wakusowani? Taonani kuno, ndikuphunzitseni zaulere."

Pomwepo anagwira pamtima, nkhope inakwinyika, misozi n'kuyamba kutsika. "Achimwene! Achimwene ine!" Analira mpaka ana amene anali m'tenti anagwira masiketi a amayi awo. Kenako anasiya mwadzidzidzi n'kumina.

"Mlongo wa munthu amatere. Pitani mukamuuze wakutumaniyo kuti Zelma akupereka moni."

Tonse tinaseka chikhakhali. Ludmila nkhope inamufiira mpaka m'khosi. Anangoti, "Purvis ameneyo ine sindikumudziwa," nayang'ananso kugalasi kamodzi, n'kutuluka pakati pathu mutu uli pansi. Zelma tsiku limenelo anadya chakudya chamadzulo mokondwa, akubwereza nkhaniyo kwa aliyense.

M'mawa mwake tisanatsegule, Zelma atatsegula galasi akupesa tsitsi la a Lemuel, anamva munthu akuti odi. Anali mayi yemwe uja, dengu m'manja.

"Mwabweranso? Lero mwabwera ndi apolisi?"

"Ayi, mayi. Umboni ndilibe, ndipo kukangana sindidziwa. Ndaona kuti inu mumadyera pomwepa." Anaika dengu pansi, natulutsamo sizasi ndi kansalu koyera. "Ndikupemphani tsitsi lokha. Pang'ono pokha, la kunkhongo kosaoneka, anthu anu sazindikira. Ndikakwirire pa manda a mayi. Anamwalira asanalole kuti tichotse mpando wa Alois patebulo."

Chipeso chinaima m'manja mwa Zelma. Tsitsi. Zaka zonsezi anali ataona akuba a mitundu yonse, ndipo onse ankafuna munthu yense, mutu mpaka zala, chifukwa ndi zimene zimaimika anthu pamzere. Tsitsi sungalijambule pachinsalu. Palibe mlimi angalipire kuti aone tsitsi pakansalu. Purvis sangatume munthu kudzapempha chinthu chopanda ntchito. Zelma anachita manyazi amene anali asanawamvepo, akukumbukira misozi yake ya dzulo.

Komabe mtima unayesa kuzemba. Anaganiza kuti apereke tsitsilo msanga, mayiyu apite, lole inyamuke, Nebraska asadzapondekonso. Anatenga sizasi, nameta kachingwe kamodzi ka tsitsi kunkhongo, nakaika pakansalu. Ludmila anapinda kansaluko mosamala n'kukaika pachifuwa. Kenako anavundukula dengu.

"Ndakubweretserani timabanzi ta jamu, ndaphika m'mawa uno. Ankatikonda." Anayang'ana a Lemuel, nakhala ngati akumwetulira pang'ono. "Jekete ili mwasoka ndinu?"

"Ndine."

"Ndadziwa. Phewa lakumanzereli linatsika atagwa padenga la khola. Mayi ankavutika nalo, malaya onse ankamupendekera. Inu mwalidula bwino, lakhala. Zikomo, mayi. Ndinkaopa kuti anafa ngati galu, wopanda womuyang'ana."

Anatola dengu lopanda kanthu nayamba kutuluka. Zelma anaima njo, sizasi ili m'manja. Phewa limenelo analidziwa zaka makumi awiri, analipimira ndi zala zake nyengo ndi nyengo, osadziwa kuti kunali khola, kunali denga, kunali mayi wina wovutika ndi malaya omwewo. Mayiyu akanamutukwana, Zelma akanadziwa choyankha. Koma kuthokozedwa kunamusowetsa mtengo wogwira.

"Mayi," anaitana Zelma. "Kwanuko n'kutali?"

"Ayi, kuseri kwa mtsinje."

"Msewu wake lole ingadutse?"

Nkhani itamveka kuti Zelma akutsitsa chinsalu, tinathamangira kukamuletsa. Wina anati wapenga. Wina anati mwina mayi uja ndi katswiri woposa onse, Purvis wapeza njira yatsopano. Mwini chionetsero anafika akupuma wefuwefu.

"Zelma, taganiza bwino. Zaka zino ndi zotayira chakudya? Udya chiyani?"

"Ndikazinga mbuliwuli."

"Nanga ukhala ndi ndani?"

Zelma anagwira mbali imodzi ya bokosi. Anangoti, "Tagwirani uku, bwana, musapendeketse. Ndipo inu nonse vulani zipewa, munthu akupita kwawo."

Mwamuna wa Ludmila ndi ana ake anakhoma bokosi la matabwa tsiku lomwelo. Kuveka malemu Zelma anakana kuti wina agwireko. Anamasula lamba wa mfuti yamtengo, anapukuta utoto wa bala lija pachifuwa, nawaveka malaya oyera amene anawasungira chaka chamawa. Ludmila anali pambali akupatsira mabatani. Wansembe wa kumeneko anali nkhalamba yanzeru, sanafunse zambiri. Anawaika kuseri kwa katchalitchi koyera, pambali pa mayi awo, mphepo ikuulutsa mipango ya akazi. Pamtanda analemba Alois. Zelma analiyesa dzinalo pakamwa kangapo, koma silinakhale.

Atachoka kumanda Zelma anakhala m'khitchini mwa Ludmila, awiriwiri, khofi ali patebulo.

"Tirigu uja chinali chongopezera ndalama ya sitima," anatero Ludmila. "Iye ankafuna kukaona nyanja yaikulu. Ankandiuza tikuweta ng'ombe kuti madzi ake sungaone tsidya. Ine ndinkati bodza. Ndiye anakathera pa njanji ku Kansas, pakati pa fumbi."

"Nyanja? Anaiona."

"Musandinamize, mayi, kuti mundisangalatse."

"Ndanama zambiri, koma ili si bodza. Ku Galveston tinamanga tenti pamchenga penipeni. Kunabwera chimphepo chinang'amba mbali yonse ya tenti, bokosi n'kutsala poyera, nkhope kumadzi. Mwamuna wanga anathamangira m'tauni kukasaka singano ndi ulusi akutukwana njira yonse. Ine ndinkada nkhawa ndi mchere pakhungu lawo. Koma anaima pomwepo tsiku lathunthu akuyang'ana mafunde, anthu n'kumawaonera ulere."

Ludmila anaseka, koyamba chimudziwireni, atagwira pakamwa. Anaseka mpaka anatsamira tebulo. Kenako anakoka mpando kuyandikira.

"Ndi kuti kwina?"

Zelma anayamba kutchula. Mapiri a ku Colorado, kumene lole inakana kukwera mpaka kukankhidwa ndi njovu ya chionetsero china. Mtsinje waukulu umene anaoloka pa bwato. Chaka chimene anali mfumu ya ku Iguputo. Ludmila ankafunsa chilichonse, ngati amene akumva za mlongo wake wopita kutali amene zinthu zinamuyendera. Khofi anazizira m'makapu. Potsanzikana anamuuza Zelma kuti agone, malo alipo, koma Zelma anati chionetsero chinyamuka, ndipo munthu wa mumsewu akagona pa bedi labwino amadwala msana.

Anakwera lole dzuwa lidakali m'mwamba. Kumbuyo kunali bokosi la galasi lopanda kanthu, atalimanga ndi zingwe monga mwa masiku onse. Msewu unali wowongoka, chimanga chouma mbali zonse. Atafika podutsa njanji anaponda buleki, naiolotsa lole pang'onopang'ono, gudumu limodzilimodzi, monga ankachitira zaka zonse kuti wa kumbuyo asagwedezeke.

"Pepani achimwene, mabampu," anatero asanakumbuke.

Anaima tsidya linalo injini ikulira, manja ali pachiwongolero, nakhala pomwepo nthawi yaitali. Msewu unali wopanda galimoto, wopanda choletsa chilichonse, koma Zelma sankadziwa kuti munthu amene sananyamule aliyense kumbuyo amayenda liwiro lanji.